Galu wanga akuthothoka ubweya ndipo sakugona ndi kudzikanda: ndichite chiyani?

Mayi wina wa ku Chiputula mumzinda wa Mzuzu walemba kuti: "Ndili ndi galu wamphongo wa chaka chimodzi ndi theka amene anali ndi ubweya wosalala bwino, koma kuyambira mu Epulo wayamba kuthothoka ubweya m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi kumimba. Amadzikanda usiku wonse mpaka kutuluka magazi. Galu wathu wina, wamkazi wokalamba, nayenso wayamba kudzikanda, ndipo mwana wanga amene amakonda kusewera nawo watuluka tizilonda toyabwa m'mikono. Aneba andiuza kuti ndimupake oilo wakutha wa galimoto. Vutoli ndi chiyani, nanga ndichite bwanji?"

Mayi, ndikuthokozeni poyamba chifukwa mwafunsa musanachite zimene anebawo akuuzani. Ndikudziwa kuti iwo sakukufunirani zoipa, pakuti njira ya oilo wakutha yakhala ikuyenda pakamwa ndi pakamwa kwa zaka zambiri m'madera mwathu muno, koma ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musamupake galuyo. Oilo amene watsanulidwa mu injini amakhala atanyamula tizidutswa ta zitsulo ndi ziphe zina zotsalira pamene mafuta akupsa, ndipo khungu limene lang'ambika kale ndi zikhadabo limamwa zonsezo mosavuta. Komanso galu sangaleke kudzinyambita, choncho zimene mwapaka kunja zimathera m'mimba mwake n'kukavulaza chiwindi ndi impso. Chaka china bambo wina anandibweretsera galu pa wilibala atamupaka oilo kuyambira m'khosi mpaka kumchira. Galuyo anali akusanza ndi kunjenjemera, khungu la kumimba litafiira ngati lapsa ndi madzi otentha, ndipo masana onse anatithera tikumutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. Anapulumuka, koma titapala khungu la m'mphepete mwa khutu lake n'kuika zopalidwazo pa maikulosikopu, tizilombo timene mwini wakeyo ankafuna kupha tinali tikuyendabe.

Kuthothoka kwa ubweya si matenda paokha, koma ndi chizindikiro cha matenda. N'chimodzimodzi ndi kutentha thupi kwa mwana, kumene kungakhale malungo, chibayo kapena zilonda zakukhosi, ndipo n'chifukwa chake kuchipatala amayamba abaya kaye chala asanapereke mankhwala. Agalu awiri angathe kuoneka ofanana ndendende, onse osupuka ndi a nkhanambo, koma wina akudwala mphere pamene mnzakeyo akudwala chipere, ndipo mankhwala ochiritsa woyambayo sangachite kanthu pa wachiwiriyo. Ndikalandira galu wotere, ndisanagwire botolo lililonse ndimafunsa ngati akudzikanda kapena ayi, ndimayang'ana pamene ubweya unayambira kuchoka, ndimafunsa zaka zake, kenako ndimafunsa ngati pakhomopo pali galu wina kapena munthu amene wayamba kumva kuyabwa. Kalata yanu yayankha mafunso onsewa, ndipo mayankhowo akuloza mbali imodzi.

Chimene ndikuganizira kwambiri ndi mphere ya agalu, yoyamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes scabiei. Kachilomboka sikapitirira theka la milimita, moti simungakaone ndi maso. Kakakazi kamaboola khungu n'kukumba tinjira mkati mwake momwe kamaikira mazira, ndipo kuchokera pa dzira kufika pa kachilombo kokhwima pamatenga masiku pafupifupi 17 mpaka 21. Kamakonda malo a ubweya wochepa, ndiwo m'mphepete mwa makutu, m'zigongono, pamfundo za miyendo yakumbuyo, pachifuwa ndi kumimba, omwe ndi malo omwewo mwatchula inuwo. Kuyabwa kwake kumakhala koopsa chifukwa thupi la galu limadana ndi tizilomboti pamodzi ndi zonyansa zimene timasiya m'tinjiramo, choncho ngakhale titakhala tochepa galuyo sapeza tulo. Ubweya umene mukuusesa pakhonde sikuti wadyedwa ndi tizilombo, koma galuyo waudula yekha ndi mano ndi zikhadabo zake. Matendawa akakhalitsa khungu limakhuthala, limada ndi kuchita makwinya ngati la njovu, galu amaonda ngakhale akudya, ndipo m'mabalamo mumalowa mabakiteriya amene amabweretsa mafinya ndi fungo.

Pali kuyesa kumodzi kumene mungachite pakhomo lero lomwe. Valani magolovesi kapena jumbo m'manja, gwirani m'mphepete mwa khutu la galuyo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo mupekese pang'onopang'ono kwa kanthawi. Agalu ambiri a mphere amayamba kupalasa m'malere ndi mwendo wakumbuyo wa mbali yomweyo, ngati akudzikanda, osatha kudziletsa. Umenewu si umboni wotheratu, popeza agalu ena odwala makutu amateronso, koma mukaphatikiza ndi malo amene ubweya wachoka komanso kudwala kwa galu wachiwiriyo, nkhani imakhala yatsala pang'ono kumveka yonse.

Mphere imeneyi imafala kwambiri agalu akakhudzana, ndipo galu wamphongo wa msinkhu wa wanuyo, amene amathawa usiku kukalondola agalu aakazi, ndiye amaitola kawirikawiri. Imafalanso kudzera pa chiguduli chogonera. Pamalo otentha ndi ouma tizilomboti tikachoka pa galu timafa m'masiku ochepa, koma pamalo ozizira ndi achinyezi tingathe kukhala moyo masabata awiri kapena atatu. Mzuzu ali pamwamba mamita oposa 1,200, mvula imachedwa kusiya kuyerekeza ndi madera ambiri a kumwera, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira ndi nkhungu ya m'mawa, choncho khola limene silionako dzuwa limasunga matendawa nthawi yaitali. M'nyengo yozizirayi agalu amagonanso mothinana kuti afunditsane, ndipo mwina ndi mmene wokalambayo watengera.

Za mwanayo musazengereze. Tizilombo ta mphere ya agalu timaluma munthu n'kumutulutsa tizilonda tofiira toyabwa pamalo amene anakhudzana ndi galu, makamaka m'mikono, pamimba ndi pachifuwa, koma sitiswana bwino pakhungu la munthu, ndipo nthawi zambiri tizilondato timatha tokha galu akachira. Ngakhale zili choncho mupite naye kuchipatala, chifukwa mphere ya anthu ndi chipere zimayambanso mofanana ndipo zimafuna mankhwala akeake. Mukafika muwauze adokotala kuti pakhomo pali agalu odwala khungu, ndipo kufikira agaluwo atachira mwanayo asawakumbatire kapena kukhala pa chogonera chawo.

Komabe sindingakhale ndikukuthandizani moona ndikakuuzani kuti ndi mphere basi galuyo ndisanamuone, chifukwa pali matenda ena amene amafanana nayo, ndipo galu mmodzi angathe kukhala ndi awiri kapena atatu nthawi imodzi. Oyamba kuwaganizira ndi a nthata. Agalu ena thupi lawo limadana kwambiri ndi malovu a nthata, moti kulumidwa kangapo kokha kumawayabwa masiku ambiri, ndipo ubweya umachoka kumsana chakumchira, kuseri kwa ntchafu ndi m'mphechepeche. Eni agalu ambiri amandiuza kuti sanaonepo nthata pa galu wawo, ndipo amanena zoona, chifukwa galu amazimeza podziluma. Muimike galuyo pa pepala loyera limene mwalinyowetsa pang'ono, mupese msana wake ndi chipeso cha mano othinana, ndipo muyang'ane tinthu takuda ngati tsabola wosinja timene tigwere papepalapo. Ngati tiyamba kusungunuka n'kusiya madontho ofiira, imeneyo ndi ndowe ya nthata, ndipo kufiirako ndi magazi a galu wanu. Nthata yaikazi imodzi ingathe kuikira mazira okwana 40 kapena 50 pa tsiku, mazirawo amagwera pansi, ndipo gawo lalikulu la nthata za pakhomo silikhala pa galu koma m'fumbi, m'ming'alu ya simenti ndi m'zogonera. Kuno kwathu utuchi umapezeka mosavuta ndipo ambiri amauyala m'khola kuti galu afunde, koma utuchi umene wakhala mwezi wathunthu osasinthidwa umasanduka moswanira nthata. Mukaona tinthu toyera tonga mpunga m'chimbudzi cha galu kapena pansi pa mchira wake, dziwani kuti imeneyo ndi njoka yam'mimba imene imalowa galu akameza nthata.

Pali mphere ya mtundu wina, yoyamba ndi kachilombo kotchedwa Demodex canis, kamene kamakhala m'timaenje momera ubweya. Pafupifupi galu aliyense ali nako pang'ono, ndipo amakatenga kwa make m'masiku oyambirira akuyamwa, koma kamachuluka pokhapokha chitetezo cha m'thupi chikafooka. Kamaoneka kwambiri mwa ana agalu osakwana chaka, ngati timadazi kuzungulira maso, kukamwa ndi pamiyendo yakutsogolo, ndipo poyamba sikayabwa kwenikweni. Timadazi tikakhala tiwiri kapena titatu, ana agalu ambiri amachira okha m'masabata 6 mpaka 8 ngati akudya bwino ndi kumwetsedwa mankhwala a njoka. Ikafalikira thupi lonse imafuna mankhwala kwa miyezi ingapo, ndipo galu wamkazi amene anadwalapo motere ndi bwino kumutseketsa kuti asabereke, chifukwa kufooka kumeneku kumayenda m'magazi. Mphere iyi sipatsirana pakati pa agalu akuluakulu ndipo sigwira anthu, n'chifukwa chake sindikuiika patsogolo pa nkhani yanu.

Chipere nacho chiyenera kuganiziridwa chifukwa cha mwanayo. Chimayamba ndi fangasi, osati tizilombo toyenda, ndipo chimaoneka ngati madazi ozungulira okhala ndi timamba totuwa ndi ubweya wothyokathyoka, kawirikawiri kumaso, m'makutu ndi m'mapazi, popanda kuyabwa kwakukulu. Ana amphaka ndiwo amachibweretsa pakhomo nthawi zambiri, ena mwa iwo osaonetsa chizindikiro chilichonse. Mbewu za fangasiyu zimakhala moyo m'ubweya wogwa pansi kupitirira chaka, choncho mankhwala ake amaperekedwa kwa masabata osachepera 6, ndipo pansi pamafunika kusesa ndi kukolopa ndi Jik wosungunula, kapu imodzi m'makapu 10 a madzi. Ndionjezere kuti madazi ozungulira ambiri amene anthu amawatcha chipere pa galu amakhala matenda a mabakiteriya, ndipo amasiyanitsidwa ndi kuyeza basi.

Mwatchula makutu, ndiye muyang'anenso bwino ngati mabalawo ali m'mphepete monse kapena kunsonga kokha. Ntchentche zoluma, zimene zimaswana mu manyowa ndi udzu wowola, zimakonda nsonga za makutu a agalu oimika makutu, kapena popindikira pa makutu ogwa, ndipo zimasiya nkhanambo zakuda za magazi ouma. Vuto limeneli limachepa mukachotsa zowola pafupi ndi khola ndi kupaka mafuta othamangitsa ntchentche ogula ku sitolo ya mankhwala a ziweto. M'nyengo ya mvula palinso mphutsi za pakhungu, zomwe zija timasitira zovala kuti zisatilowe. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi la pamthunzi lonyowa ndi mkodzo, kamphutsi kamaboola khungu la galu akagonapo, ndipo pamatuluka chotupa chonga chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Mukatseka kabowoko ndi Vaseline mphutsiyo imasowa mpweya n'kusuzumira, ndipo imafinyika mosavuta. Nkhupakupa ndi nsabwe zimaoneka ndi maso, koma za nkhupakupa kumbukirani kuti kuopsa kwake kwakukulu si ubweya, ndi matenda a m'magazi amene zimapatsira.

Tsopano ndinene za chakudya, pakuti pamenepa ndi pamene agalu ambiri a m'makomo mwathu amagwera. Galu amene amadya mkute, makoko a mumphika ndi phala la madeya tsiku ndi tsiku amakhuta ndithu, koma sakudya moyenera. Ubweya umapangidwa pafupifupi wonse ndi mapuloteni, ndipo khungu ndi ubweya zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a mapuloteni amene galu amafuna pa tsiku. Akasowa, thupi limayamba lasamala mtima ndi minofu, ubweya n'kutsala wouma, wotuwa ndi wothyoka msanga. Madeya alinso ndi chinthu china chimene chimamanga mchere wa zinki kuti usalowe bwino m'thupi, ndipo galu wosowa zinki amachita nkhanambo kuzungulira maso ndi pakamwa. Sindikunena kuti mugule chakudya cha m'matumba cha ku sitolo ngati thumba lanu silikulola. Bonya kapena zinyenyeswa za usipa za pamsika, mitu ya nsomba, matumbo a nkhuku ophika, dzira lophika kangapo pa sabata, ufa wa soya wokazinga, masamba ophika ndi supuni ya mafuta ophikira m'phala lakelo zimasintha galu m'miyezi iwiri mpaka mlendo kuona. Musamupatse ndiwo za anyezi wambiri, chifukwa anyezi amaphwanya magazi a galu, kapena mafupa a nkhuku ophika amene amathetheka n'kubaya matumbo. Njoka zam'mimba nazo zimaba chakudya chomwecho, choncho galu wamkulu azimwetsedwa mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse, ndipo ana agalu kuyambira ali ndi masabata awiri, kubwereza masabata awiri aliwonse kufikira atakwana masabata 12. Chakudya pachokha sichingachize mphere, koma galu wanjala amachedwa kuchira ndipo matenda amamubwerera msanga.

Kuthothoka kwina kumabwera popanda kuyabwa, ndipo ndikutchula chifukwa cha galu wanu wokalambayo. Ubweya ukamachoka mofanana mbali zonse ziwiri za thupi, mchira n'kutsala wosalala ngati wa khoswe, galu akunenepa koma osadya kwambiri, akungogona ndi kufunafuna pofunda pafupi ndi mbaula, timaganizira chithokomiro chimene chafooka, ndipo chithandizo chake ndi mapiritsi a tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Ngati akumwa madzi ambiri, kukodza pafupipafupi, mimba italendewera ndi khungu litapyapyala, vuto limakhala kuchuluka kwa mahomoni ena, ndipo zonsezi zimadziwika poyeza magazi. Galu wamkazi amayoyoka ubweya kwambiri pakatha mwezi umodzi mpaka itatu atabereka, koma umamera wokha. Chimodzimodzinso mu Seputembala ndi Okutobala kukayamba kutentha, agalu amataya ubweya wa m'nyengo yozizira, koma umachoka mofanana thupi lonse osasiya dazi. Zikundu zolimba za m'zigongono mwa galu wamkulu zimabwera chifukwa chogona pa simenti, dazi lozungulira khosi limabwera ndi tcheni kapena waya, ndipo galu wotsekeredwa m'kakhola kothina tsiku lonse amatha kunyambita pamwendo pamodzi mpaka kupanga bala chifukwa cha kusowa chochita. Palinso agalu odana ndi chakudya china kapena mungu ndi fumbi, amene amaluma mapazi ndi kudwala makutu mobwerezabwereza, koma zimenezi timaziganizira pambuyo poti tizilombo tonse tathetsedwa.

Chimene muyenera kuchita sabata ino ndi kutengera agalu onse awiri kwa dokotala wa ziweto, kapena kwa alangizi a ziweto a boma ku maofesi a zaulimi a Mzuzu ADD, ndipo musawasambitse kwa masiku awiri musanapite kuti zizindikiro zisafufutike. Kumeneko adzapala khungu ndi kampeni kufikira timagazi titaoneka, n'kuyang'ana zopalidwazo pa maikulosikopu. Demodex amaoneka mosavuta, koma Sarcoptes amabisala, moti agalu ambiri amene alidi ndi mphere zotsatira zawo zimatuluka zopanda kanthu. Choncho musadabwe kapena kuona ngati akungolota dokotala akanena kuti sanaone kachilombo koma apereka ndithu mankhwala a mphere, chifukwa zizindikiro zikakhala ngati zanuzi imeneyo ndiyo njira yoyenera, ndipo kuchira kwa galuyo ndiko kumatsimikizira matendawo.

Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri kuno ndi jakisoni wa ivermectin, amene amabwerezedwa pakatha masiku 14, kawiri mpaka kanayi, chifukwa sapha mazira ndipo pamafunika kudikira kuti aswe. Ndikukupemphani kuti musagule botolo la ng'ombe n'kubaya nokha mongoyerekeza. Mlingo wake umatengera kulemera kwa galu, ndipo ukapitirira galu amadzandira, amatuluka dovu, amasiya kuona, mwinanso kukomoka. Agalu a mtundu wa Collie ndi ena oyandikana nawo magazi amatha kufa ndi mlingo umene ena amaupirira, ndipo tiana tosakwana masabata 6 sitibayidwa. Kuti mudziwe kulemera kwake, kwerani pa sikelo mutamunyamula, kenako mukwere nokha n'kuchotsera. Palinso mapiritsi otafuna monga Bravecto, amene amagwira ntchito masabata 12, ndi NexGard kapena Simparica a mwezi ndi mwezi. Amenewa amapha nthata, nkhupakupa ndi mphere za mitundu yonse iwiri, ndipo ngakhale mtengo wake ndi wokwera, ine ndimawasankha pamene mwini galu angakwanitse, chifukwa sayika pangozi munthu wopereka. Dokotala auzidwe ngati galuyo anagwapo khunyu asanapatsidwe mapiritsiwa.

Mankhwala a dibi a amitraz nawo amachiza mphere, koma ndi amene ndaona akuvulaza agalu ndi anthu kwambiri chifukwa chosungunula molakwika. Mlingo wake akuuzeni dokotala, musambitsire panja pa mpweya mutavala magolovesi, mankhwalawo asalowe m'maso ndi m'kamwa mwa galu, ndipo musamutsukuluze koma aume yekha padzuwa. Munthu wodwala shuga kapena mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi, ndipo tiana ta galu tosakwana miyezi 4 tisasambitsidwe nawo. Sankhani tsiku la dzuwa ndi nthawi ya m'mamawa dzuwa litakwera, chifukwa galu wopanda ubweya akanyowa madzulo a mu Juni kuno amazizidwa koopsa. Pamodzi ndi oilo uja, pewaninso parafini, dizilo, mankhwala othira m'chimanga kapena opopera mbewu, Jeyes Fluid ndi sopo waufa wochapira zovala. Mafuta opaka a anthu okhala ndi betamethasone amaziziritsa kuyabwa masiku ochepa koma amakulitsa chipere ndi Demodex, ndipo mapiritsi a ululu a anthu monga ibuprofen amaboola m'mimba mwa galu ndi kuononga impso. Ngati muli ndi mphaka, asakhudze mankhwala a agalu okhala ndi permethrin, chifukwa kwa mphaka ndi chiphe.

Agalu onse a pakhomo alandire mankhwala tsiku limodzi, ngakhale amene akuoneka kuti ali bwino, apo ayi azingobwezerana matendawo. Tsiku lomwelo mutenthe chiguduli chakale ndi utuchi wonse, musese ndi kutsuka khola, mulisiye lotsegula kuti dzuwa lilowe, ndipo chogonera chatsopano muzichichapa ndi madzi otentha sabata iliyonse n'kuchiyanika mpaka chiumiretu. Ndi bwino kuyala thabwa lokwera pang'ono kuti asagone pa simenti yozizira kapena pa dothi lonyowa. Wamphongoyo asatuluke usiku pa nthawi yonse ya mankhwala, ndipo mukambirane ndi dokotala za kumuthena akachira, popeza kuyendayenda kumeneko ndiko kudzamubweretserenso matendawa. Ngati agalu a aneba nawo akudzikanda, auzeni mwaulemu zimene mwamva kuchipatala cha ziweto, chifukwa mphere siona mpanda.

Mabala amene adzikanda mungawatsuke kawiri pa tsiku ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita mutathiramo supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Sopo wamadzi wa agalu wokhala ndi chlorhexidine amathandiza kwambiri pa nkhanambo ndi fungo ngati mumusiya pathupi mphindi 10 musanatsukuluze, kawiri pa sabata. Pamene pali mafinya ambiri dokotala adzapereka mankhwala opha mabakiteriya, ndipo amenewa amamwedwa masabata atatu kapena kupitirira, osati masiku asanu monga tinazolowera. Mumuwenge zikhadabo pang'ono kuti asamadzing'ambe kwambiri.

Musayembekezere kuti kuyabwa kutha tsiku lotsatira. Kumayamba kuchepa pakatha sabata imodzi kapena awiri, koma kungapitirire pang'ono mpaka mwezi chifukwa zotsalira za tizilombo takufa zimakhala zikadali m'khungu. Ubweya watsopano umayamba kuoneka ngati kaudzu kofewa pakati pa masabata 4 ndi 8, ndipo kuti ubwerere wonse pamatenga miyezi ingapo. Apa ndi pamene eni agalu ambiri amalakwitsa, chifukwa akaona galu wayamba kugona amasiya jakisoni wotsala, mazira amaswa, ndipo pakatha mwezi amabwera akudandaula kuti mankhwala sanagwire. Malizani mlingo wonse monga mwauzidwa. Ngati zitapezeka kuti ndi Demodex, mankhwala sasiyidwa kufikira khungu litapalidwa kawiri, motalikirana mwezi umodzi, osapezeka kachilombo.

Musadikire tsiku limene munapangana ngati galuyo wasiya kudya, nkhama zake zayera, thupi latentha, akusanza, akudzandira atalandira mankhwala, kapena mabala ayamba kulowa mphutsi. Pamenepo mubwerere naye tsiku lomwelo, mutatenga botolo kapena pepala la mankhwala alionse amene wapatsidwa. Mukapita koyambako mutengenso khadi lake la katemera wa chiwewe, pakuti galu amene wakhala akuyenda usiku mpaka kutola mphere wakumananso ndi agalu amene sitikudziwa ngati anabayidwa.

Mumujambule ndi foni lero, makutu, zigongono ndi kumimba, ndipo muzibwereza tsiku lomwelo sabata iliyonse pamalo owala omwewo, chifukwa maso a munthu amene amaona galu tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha kwapang'onopang'ono. Pakatha masabata 6 mankhwala onse ataperekedwa bwino koma zithunzizo osaonetsa kusintha, mubwerere kwa dokotala kuti apalenso khungu, atenge ubweya wokayeza chipere, ndipo kwa wokalambayo atengenso magazi.